Ulendo Umene Ndinabisira Mpingo Wonse

Ndinanamiza mpingo wonse wa Amalawi a ku Salford, kuyambira abusa mpaka ana a Sande sukulu, ndipo ndinanama nkhope ili gwa, nditavala yunifolomu ya kwaya. Musafulumire kundiweruza. Mumve kaye zimene zinkachitika ku Salford kuja munthu akagula tikiti yopita kumudzi.

Ndinali nditakhala ku Mangalande zaka zisanu osapondako kwathu: ziwiri pa sukulu, zitatu ndikuyeza magazi a anthu mu labotale ya chipatala. M'zaka zimenezo ndinaona ndi maso angawa zimene zimagwera munthu wa ulendo. Ndege imalola masutikesi awiri, koma masutikesi awiriwo sakhala ako. Mbiri ikangomveka, foni imayamba kulira. "Ndi kakang'ono chabe, kolowa m'thumba la jekete." Kakang'onoko pofika kamakhala ayironi. Wina nsapato za mwana, wina bulangete, wina mapoto atatu olowetsana, wina laputopu yakufa yoti akaidzutse ku Lilongwe. Bambo wina wa kwaya yathu anapita kukakwatira atanyamula zakezake malaya awiri basi. Suti ya ukwati anachita kuvala pokwera ndege, pamwamba pake majekete awiri a eni.

Kukana kunalibe. Amene akukupatsira ayironiyo ndi yemwe uja anakuchingamira pa bwalo la ndege tsiku lako loyamba, kapena anakuphunzitsa kukwera tiramu, kasitima ka m'tauni, kapena anakuphikira phala utagwa ndi chimfine.

Ndiye panali nkhani ya sikelo. Pakati pathu tonse, kuyambira ku Salford mpaka ku Bolton, panali sikelo imodzi yoyezera masutikesi, ya ngowe, ya anamwino ena achikulire amene tinkangowatcha amayi a sikelo. Sikuti masikelo ankasowa m'masitolo ayi. Unali mwambo chabe. Wa ulendo amakabwereka sikelo kwa amayiwo, iwo amamupempherera, ndipo asanafike pa siteji ya basi dziko lonse limakhala litadziwa tsiku ndi ola la ndege yake.

Ine ndinati ayi, ine si lole. Msuweni wanga ankakwatiwa ku Blantyre, ndipo ndinkafuna kukafika ngati munthu wochokera kunja, osati ngati mtengatenga wa mpingo. Ndinali ndi nsapato mapeya asanu ndi awiri, madiresi okwana masabata atatu osabwereza, zipewa ziwiri, ndi mphatso za abale anga enieni. Tikitiyo ndinaikhetsera thukuta ndekha, mashifiti a Loweruka ndi masiku a tchuthi, maso akuwawa ndi makina. Ndinkaona kuti makilo onsewo ndi anga mwachilungamo, ndipo kunena zoona mpaka lero sindinalekeretu kuona choncho.

Koma panali munthu mmodzi amene ndinkamuzemba kuposa onse: achemwali a ku Bolton. Sitinali pachibale. Iwowa ndi amene anandisunga miyezi inayi nditangofika, pa matiresi m'chipinda chawo chochezera, osandifunsapo kuti ndichoka liti. Ankagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Mapepala awo okhalira m'dzikomo anali asanalongosoke, ndipo munthu wa mapepala otero akatuluka sabwereranso, moti zaka zisanu ndi zinayi zinali zitatha asanaone mayi awo. Mayiwo, ku Zomba, anagwa m'bafa nathyoka m'chiuno, ndipo chigwereni anali asanatulukenso panja. Achemwali anawagulira choyendera, chitsulo chija cha miyendo inayi chimene okalamba amagwira ndi manja awiri n'kumasuntha nacho. Vuto lake, sichilowa mu sutikesi. Chimayenda m'katoni yakeyake, ndipo ku ndege katoniyo amaiwerengera ngati sutikesi yathunthu. Anthu awiri a ulendo anali atapepesa kale. Katoniyo inkangokhala kuseri kwa chitseko chawo, mwezi wachisanu tsopano, ndipo ine ndinkaidziwa bwino chifukwa ndinkaponyapo jekete ndikapita kukacheza.

Ndiye ndinaphika bodza. Kosi ya kuntchito, masabata atatu, ku Newcastle. Ndinasankha Newcastle chifukwa ndi kutali moti palibe angabwere kudzandiona, komanso si kutali koti anthu n'kuyamba mafunso. Mayi anga ndinawalumbiritsa pa foni kuti asauze ngakhale nkhuku, chifukwa mnzawo wa kutchalitchi ali ndi mwana ku Bolton, ndipo nkhani ikatuluka m'kamwa mwawo m'mawa, masana imakhala yawoloka kale nyanja zonse. Zogulagula ndinkakagula ku masitolo a kutali, kumene kulibe wondidziwa. Sikelo ndinagula yanga, ya m'bafa, ija timapondapo. Ndinkakwerapo nditakumbatira sutikesi, n'kutsika, n'kukweranso ndekha, n'kuchotsera. Njira imeneyi ndi yabwino koma ili ndi chipongwe chake, chifukwa inandiuzanso za makilo ena amene sindinawafunse.

Lamlungu lomaliza, m'holo imene tinkabwereka popemphera, abusa analengeza kuti mlongo wathu akupita ku maphunziro. Anthu anaomba m'manja. Amayi a sikelo anandisanjika dzanja kuti nzeru zilowe. Ine nditatsinzina, ndikuvomera ameni mokweza, m'mutu ndikusanja nsapato.

Chimene sindinaganizire n'chakuti ku Newcastle nakonso kuli Amalawi.

Tisanamalize tiyi, mayi wina anandikokera pambali. "Mwati ku Newcastle? Mulungu ndi wabwino. Mchemwali wanga ali komweko, ndi woyembekezera, akulakalaka usipa. Ndi kakang'ono chabe." Wachiwiri anali ndi ufa wa mgaiwa wa alamu ake. Wachitatu anathamangira ku galimoto n'kubwera ndi Baibulo la Chichewa limene anabwereka kwa mkulu wa mpingo wa kumeneko zaka ziwiri zapitazo. Ndinatuluka m'holomo ndi majumbo atatu opita ku mzinda umene sindinkapitako. M'tiramu azungu ankasuntha mmodzimmodzi, mwaulemu, chifukwa usipa uja sunali wa manyazi.

Ndinakhala pa bedi n'kumayang'ana majumbowo. Kutaya sindikanatha, mayi woyembekezera anandilakwira chiyani? Kutumiza pa positi, akanafunsa kuti munthu ali mumzinda momwemo akutumiziranji pa positi. Ndiye Lachiwiri, tsiku langa lopuma limene ndinasungira kukamangitsa tsitsi, ndinalawirira basi, maola anayi athunthu, kukapereka katundu wa bodza langa. Olandira katunduyo onse atatu ndinawauza kuti ndabwera kudzaona malo ogona kosi isanayambe. Mayi woyembekezera uja atanunkhiza jumbo misozi inalengeza, ndipo amuna ake anaumirira kuti masabata atatu onsewo ndizikadya kwawo madzulo aliwonse. Ndinati kosiyo ndi yovuta, satilola kutuluka. Bamboyo anapukusa mutu mwachisoni, nati azungu maphunziro awo ndi ankhanza. Pobwerera, maola ena anayi, ndinali wokwiya ndi aliyense: mpingo, usipa, msuweni wanga wokwatiwayo, ndi amene anamanga mzinda wa Newcastle.

Lachinayi masana, kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, belu la pakhomo linalira. Ndinayesa wa positi, ndipo ndinatsegula ndili m'diresi limene ndinkayesa, kuphazi kuli nsapato imodzi yagogoda. Anali achemwali a ku Bolton, akuchokera ku shifiti ya m'mawa, yunifolomu ikuonekera pansi pa jekete.

"Ndakubweretsera sikafu," anatero. "Kuja ndi kunyanja, mphepo yake imalowa m'mafupa. Iwe sumachedwa kudwala."

Nyumba yanga inali chipinda chimodzi, chopanda pobisa kanthu. Masutikesi awiri anali yasa pansi: zipewa za dzuwa, masilipasi, maswiti a ana, madiresi opanda manja. Iwo anadumpha sutikesi imodzi bwinobwino, nakhala pa mpando, nayamba kundiuza za agogo ena a kuntchito kwawo amene amabisa mabisiketi m'masokosi. Ine ndinkaseka mopitirira muyeso. Kenako maso awo anagwera pa tebulo, pamene panali kabokosi ka mapiritsi oteteza ku malungo. Munthu wogawa mankhwala tsiku ndi tsiku sungamubisire kabokosi. Anakatola, nawerenga mbali zonse ziwiri, nakabwezera pomwe kanali.

"Udzudzu wa ku Newcastle wavuta chaka chino," anatero.

Ndinadikira kuti atchule katoni ija, ndipo mayankho ndinali nawo kale atatu, onse anzeru. Sanaitchule. Anamwa tiyi wawo mpaka kutha, anatsuka kapu, anandikulunga sikafu ija m'khosi pamwamba pa diresi, nati, "Mapiritsiwo uyambe kumwa usananyamuke, usadikire kufika. Uyende bwino, mng'ono wanga." Anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Mukuganiza kuti ndinalira? Ndinapsa mtima. Ndinayendayenda m'chipindamo ndi nsapato imodzi ija, ndikukalipira khoma. Akanandipempha, ndikanakana bwinobwino, mwaulemu, ngati anthu awiri aja. Akanandinyoza, ndikanapeza pokwiyira. Koma kubwera ndi sikafu, kutsuka kapu, n'kumapita, chimenecho n'chiwembu. Kodi ndine ndinathyola chiuno cha mayi awo? Kodi ndine ndikusunga mapepala awo? Kodi miyezi inayi ya pa matiresi idzatha liti? Funso lomalizali nditalimva m'makutu mwanga manyazi anandigwira, chifukwa iwo anali asanandikumbutsepo za miyeziyo ngakhale kamodzi. Woikumbuka ndinali ine.

Ndinakhala pansi pakati pa masutikesi. Ndinadziona ndikuyenda m'misewu ya Blantyre, tsiku lililonse nsapato zina, anzanga a kusekondale akutembenuka, ndipo zinali zokoma ndithu, sindikana. Koma pambali pake pankabwera mayi amene ndinali ndisanawaonepo, ali gone m'chipinda miyezi yonseyi, akungomva mapazi a anthu akudutsa panja. Sindinasanduke woyera mtima masana amenewo ayi. Ndinangozindikira kuti peya yachinayi ndi zotsatira zake ndikazivala ndili ndi mayiwo m'mutu, ndipo sizikandikomera. Ndinasankha mapeya atatu ndikung'ung'udza, ndipo nsapato zofiira zimene ndinasiya pomaliza ndinachita kuzipepesa.

Lachisanu ndinakwera sitima ya ku Bolton. Ndinawapeza akusita.

"Ndabwera kudzatenga katoni," ndinatero, maso ali pa ayironi.

"Ku Newcastle kuli woifuna?"

"Achemwali, musandiphe. Ndafa kale."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenako kuseka kuja kunasintha, ndipo anatembenukira ku zenera kanthawi. Atabwerera anatsegula katoni, natulutsa choyenderacho, nachitambasula pakati pa khitchini. Miyendo yake ili ndi mabowo ondondozana, ndipo umadina kabatani kuti uchitalikitse kapena kuchifupikitsa molingana ndi msinkhu wa munthu. Ntchito imeneyi ankaichitira makolo a eni tsiku lililonse. Anaimirira mowongoka, naika dzanja pa nsidze zawo.

"Amayi amandilekeza apa," anatero. "Ndiye manja awo amagwera apa." Anadina, natalikitsa, nayeza ndi chiuno chawo, nasinthanso bowo limodzi. "Basi. Usakavutike ndi kusintha, ndakonzeratu. Ukangotambasula n'kuwaimiritsa."

Katoni yotero sibisika. Pa siteshoni ya Bolton, ndikuikoka ngati mbuzi yokana kupita ku msika, ndinapezeka maso ndi maso ndi amayi a sikelo. Anayang'ana katoniyo, pomwe achemwali analembapo ZOMBA ndi zilembo zoti ndi wakhungu yemwe awerenge, kenako anayang'ana ine.

"Kosi yasamuka?" anafunsa.

Pofika ku Salford foni inali itatentha. Dzuwa lisanalowe pakhomo panga panali mzere. Palibe anandikalipira. Aliyense ankangoti, "Moni, ophunzira," n'kuika kajumbo kake pa bedi. Mayi wa usipa uja anabwera ndi nsapato za bambo ake, nandiuza kuti mchemwali wake ku Newcastle wagula kale nkhuku yanga ya Lolemba. Amayi a sikelo anafika ndi sikelo yawo osaitanidwa, nayeza okha sutikesi imodzi imene inanditsalira, nachotsa okha zipewa zanga kuti mafuta odzola a munthu wina alowe. Kenako anandipempherera kachiwiri, ulendo uno motalikirapo, ndipo za nzeru sanatchule. Ndinapita kwathu ndi madiresi atatu ndi nsapato mapeya awiri, imodzi ili kuphazi. Ku ukwati ndinavina bwino lomwe, ngakhale azakhali anga anafunsa ngati kunjako zovala zinatha.

Ku Zomba ndinapita sabata yachiwiri, katoni ili pamiyendo m'minibasi, kondakitala akundifunsa ngati ndi wailesi ya kanema. Mayiwo ndinawapeza m'chipinda cha zenera limodzi, atatsamira khoma. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri ndipo sanalisiye. "Mwana wanga, amadya koma? Kapena amangodyetsa azunguwo?" Ndinati amadya, ndipo chimenechi sichinali bodza. Titawaimiritsa ine ndi mpongozi wawo, anagwira choyenderacho, ndipo mapewa awo anakwera mpaka m'makutu. Chinali chachitali kwambiri. Ndinagwada n'kuyamba kudina mabatani, mwendo ndi mwendo, mpaka manja awo anakhala bwino. Kenako ndinatulutsa foni n'kujambula.

Nditabwerera ku Mangalande ndinapita ku Bolton tsiku lotsatira, nditanyamula mtedza umene mayiwo anandipatsira, umene ananditsimikizira kuti ndi wochepa chabe. Tinakhala m'khitchini muja, ndipo ndinawaonetsa kanemayo: mayi awo, duku loyera kumutu, akusuntha kuchoka pa bedi, kudutsa pa chitseko, mpaka pa khonde, pamene anaima n'kutsinzina chifukwa cha dzuwa, anthu akululutira kumbuyo. Achemwali anaonera katatu. Kachinayi anaimitsa, nakulitsa chithunzicho ndi zala pa miyendo ya chitsulo.

"Wasintha," anatero. "Si pamene ndinaika."

Yankho ndinali nditalikonza m'ndege, labwino ndithu, lakuti mabatani anasuntha okha ndi mabampu a msewu wa ku Zomba. Linali pa lilime penipeni. Ndinalimeza.

"Chinali chachitali, achemwali. Ndinatsitsa."

"Bowo limodzi?"

"Atatu."

Anaika foni pa tebulo. Anaimirira pakati pa khitchini, nawongoka, naika dzanja pa nsidze. Ine ndi iwo msinkhu ndi umodzi, ndipo ankadziwa kuti mayi awo ndinawakumbatira ataimirira. Anayamba kutsitsa dzanjalo pang'onopang'ono, maso ali pa ine kuti ndiwauze polekezera. Linadutsa mphuno. Ndinapukusa mutu. Linadutsa pakamwa, linadutsa chibwano. Litafika pakhosi ndinati, "Pamenepo."

Dzanja linakhala pomwepo nthawi yaitali. Ketulo inawira n'kudzizima yokha, ndipo palibe anaiyang'ana.

"Ikanso kanema uja," anatero, dzanja lidakali pakhosi. "Ndiwaone amayi amene alipo tsopano."